Kona amaipambana potuluka

Wokondedwa mwana wanga Chikondi,

Mawa ukukwera basi ya ku Cape Town, ndipo pa depoti sitidzapeza mpata wokamba izi. Wakulira pa bwalo la mpikisano wa kart la Zwartkops kuno ku Pretoria, koma ku Killarney ukakumana ndi phula lina ndi nyengo ina.

Ukafika, uyambe waliyenda wapansi bwalolo. Pa kona iliyonse upeze malo atatu: poponda buleki, pokhudza m'mphepete mwa mkati, ndi potulukira. Lowera kunja, dula mkati, tulukiranso kunja. Kona ikamatsogolera ku msewu wautali wowongoka, uchedweko pang'ono kukhota kuti uyambe msanga kuponda moto. Wolowa mwaphuma amakupitirira polowa, iwe n'kumusiya potuluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Usaiwale kuti kart ilibe masipuling'i, ndipo matayala akumbuyo ali pa ekiselo imodzi, amazungulira mofanana. Kuti ikhote, tayala lakumbuyo la mkati liyenera kunyamuka pang'ono. Ukatsamira mkati, umalikanikiza pansi, ndiye kart imakana chiwongolero. Khala chilili, manja odekha. Mabuleki a kart yako amagwira kumbuyo kokha, choncho ponda usanayambe kukhota, apo ayi uzungulira n'kuyang'ana komwe wachokera. Buleki ndi moto usazipondere limodzi, umawotcha klatchi. Matayala akamalira kwiii, owonera amawomba m'manja koma wotchi ikukudya. Maso akhale kumene ukupita, osati pa bampala ya mnzako.

Ku Cape Town mvula imagwa m'nyengo yozizira, cha m'ma Juni ndi Julayi, pamene kuno kuli gwa. Phula likanyowa, mzere wakuda uja womwe matayala amasiyapo labala ndiwo umaterera kwambiri. Uuthawe, uzungulire chakunja, ndipo apo tsamira kunja kuti matayala akunja alume.

Katswiri wa mipikisano ya magalimoto Lewis Hamilton anayamba kart mu 1993 ali ndi zaka 8, bambo ake akumukonzera okha. Koma kumene ukupita iweko, amako ndi ine sitidzakhalako. Uziwalemekeza amakaniko, uziwauza zoona za mmene kart ikumvekera, ndipo ukagunda mnzako upite ukapepese usanavule ovololo. Helemeti uzimanga lamba wake ngakhale pongoyeserera. Malipiro akabwera, lendi ndi chakudya ziyambe, matayala atsopano pambuyo.

Lamlungu lililonse uziwaimbira foni amako, wapambana kapena ayi. Mulungu akusunge.

Ndine bambo ako.