Kanjere ka pa Nambala 5

Tengani foni ya mabatani, tsinzinani, ndipo muyendetse cala pang'onopang'ono pakati pake. Pa mafoni ambiri, pa batani la 5 mudzamva kanthu kotumphuka, kocepa ngati njere ya mawere. Ambiri a ife takhala tikuyenda nako m'thumba zaka zambiri osadziwa nchito yake. Anakaika kuti munthu wosaona, kapena amene ali mu mdima, apeze pakati. Akapeza 5, adziwa kuti 2 ali pamwamba, 8 pansi, 4 kumanzere ndi 6 kumanja.

Ngakhale kandandalikidwe ka manambalawo kanacita kufufuzidwa. Ku Bell Labs, m'dziko la America, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi John Karlin, yemwe anabadwira ku Johannesburg mu 1918, linaitana anthu wamba kuti ayese mitundu yosiyanasiyana: mabatani ozungulira ngati nkhope ya wochi, ena a mizere iwiri, ena a mizere itatu. Anawerenga nthawi imene munthu amatenga ndi zolakwa zimene amacita, nafunsanso cimene cala cikonda. Mtundu wa 1, 2, 3 pamwamba ndiwo unasankhidwa, ndipo mafoni ake anayamba kugwira nchito mu 1963. Mabatani a * ndi #, omwe lero timatsegulira ndalama za pa foni, anawaonjezera pambuyo pake.

Koma pa zilembo, ife sanatiganizire. Taonani liu lakuti zikomo, limene timalemba kawirikawiri. Z anamuika kumapeto kwa batani la 9, motero timadina kanai. I ndi katatu, K kawiri. Tsono O, M ndi O wina onse akhala pa batani limodzi la 6, ndipo cala ciyenera kudikira pakati pao ngati mlendo pakhomo la amfumu. Kudina 16 kuti tingothokoza! Foni ikati itithandize kulosera mau, inkatipatsa a Cingelezi, ife nkuyambanso.

Komabe tinazolowera, cifukwa zala zimaphunzira. Nokia 1100, yomwe inatuluka mu 2003, inali ndi tochi ndi mabatani osalowa fumbi msanga, ndipo inagulidwa yoposa mamiliyoni 200. Amai ankailiza ali pa mtondo, ufa uli m'manja. Nayonso wailesi yakale inali cimodzimodzi: cotembenuza ca mau ndi ca masitesheni ankazidziwa ndi dzanja, ngakhale nyali itazima.

Lero ana athu a m'tauni amatigulira mafoni a galasi, ndipo amatero mwa cikondi. Zilembo zonse zili poyera, zikomo ndi kudina 6 basi. Koma galasi ndi losalala ponseponse. Cala sicipeza pogwira, ndipo cikakhala conyowa kapena colimba ndi khasu, nthawi zina foni siimva. Zoona, mafoniwa angathe kuwerengera wosaona zolembedwa, koma kawirikawiri mau ake ndi a Cingelezi.

Cimene citidetsa nkhawa ndi ndalama. Agogo amene maso anayamba kucita cifunga ankalemba okha nambala yao yacinsinsi pa mabatani, poyambira pa kanjere kaja. Pa galasi aitana mdzukulu, kapena apereka foni kwa mnyamata wa pa kantemba, nanena nambalayo mokweza, anthu a pa mzere ali kumva.