Njala yobwera pambuyo pa thukuta

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, enanu tsopano mimba zanu zaposa yanga. Lero tiiwale kaye za mayeso, tikambe za mimba zomwezo.

Teremu ino tilipo aphunzitsi asanu amene timazungulira bwalo la mpira m'mamawa, mphindi 40, kuyenda kwa ndawala. Ine ndinayamba adokotala atandiuza kuti BP yanga yayamba kukwera. Bambo anga anapita ndi sitiroko ali ndi zaka 52 zokha, ndiye sindinafune kuuzidwa kawiri. Patatha mwezi tinakakwera sikelo, ndipo atatu anapezeka atawonjezera kilo imodzi, wina ziwiri. Amayi ena ophunzitsa Chingelezi anangoti, "Ine ndasiya. Ndizidzuka ndi tambala kuti ndizinenepa?"

Ine ndikuti asasiye. Masabata oyamba minofu imasunga shuga wake wapadera pamodzi ndi madzi, komanso minofu yophwanyika ija imagwira madzi. Sikelo imawerenga madzi amenewo ngati kunenepa. Zimenezi zimakhazikika zokha.

Vuto lenileni limabwera nthawi ya buleki, ndipo ndi nkhani ya masamu. Munthu wa makilo 80 akayenda mwandawala mphindi 40 amawotcha makalori pafupifupi 200. Botolo limodzi la Coca-Cola la 300 ml lili ndi makalori pafupifupi 126, shuga wake ndi timasupuni ta tiyi pafupifupi 8. Supuni yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo tonse tikudziwa mmene mandasi a pageti amanyowetsera pepala. Botolo limodzi ndi mandasi awiri, thukuta lonse la m'mawa labwezedwa, n'kutsalanso chenji. Bungwe la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira asamafike pa magawo 10 mwa 100 a mphamvu zonse zimene munthu amadya patsiku, zomwe kwa wamkulu ndi timasupuni pafupifupi 12. Tiyi wa mu sitafu rumu wa masupuni atatu, kumwa kawiri, theka lapita kale.

Njalayo si yongopeka ayi, imaluma ndithu. Koma pamakhalanso kamtima kena kamene kamanong'oneza kuti "wagwira ntchito lero, dzipepese." Ndaonanso kuti tsiku lomwe munthu wayenda m'mawa, masana amafuna kungokhala. Amaphunzitsa ali pampando, choko amatuma mwana wa Fomu 1 kukatenga. Zomwe anawotcha m'mawa akuzisunganso masana osazindikira.

Ine ndimadya ndikangobwera koyenda, sindidikira buleki. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata yophika ndi dzira. Zimenezi zimandifikitsa masana bwinobwino, pomwe buledi ndi tiyi pofika 9 koloko m'mimba mwayamba kale kulira. M'chikwama ndimatenga nthochi ndi mtedza wodzaza dzanja limodzi basi. Mtedza ndi wabwino koma ndi wachinyengo: magalamu 100 ali ndi makalori oposa 550, ndipo ukamachonga makope dzanja limangopita lokha m'thumba. N'chifukwa chake ndimayezeratu kunyumba. Njala ikabwera ndimayamba ndamwa madzi, n'kudikira pang'ono. Nsima sindinasiye, ndipo amene amauza Mmalawi kuti asiye nsima akungotaya malovu. Ndinangochoka pa mitanda itatu kufika pa iwiri, malo otsalawo n'kudzaza ndi nyemba, bonongwe kapena chisoso.

Za tulo nazo musazipeputse. Munthu akagona pang'ono, mawa lake njala imakula ndipo amalakalaka zotsekemera ndi zamafuta. Sabata yochonga mayeso ndiye ndimakhala tcheru kwambiri.

Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi ndi makalori pafupifupi 7,700, ndiye musayembekezere zodabwitsa pa mwezi umodzi. Ine sikelo ndimakwera kamodzi pa sabata, koma ndimakhulupirira kwambiri lamba. Wanga wasuntha kabowo kamodzi, ndipo BP yatsikako ngakhale makilo angochoka awiri okha. Azakhali anga atandiona anandikokera pambali n'kufunsa motsitsa mawu ngati ndikudwala, kapena ngati malipiro achedwanso. Ndinawayankha kuti malipiro ndi nkhani ina, tidzakambirana tsiku lina.

Amene muli pafupi, timayamba hafu pasiti 5, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Nsapato zilizonse zophwatalala zikwanira.