Manda Akale a ku Blantyre

Munthu wochokera kwathu kuno ku Neno akatsika mapiri nafika pa Zalewa, aoloka Shire nalunjika ku Blantyre. Ndipo m'njira monsemo aona matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa mseu, ndi zitunda zometedwa mpala. Koma akalowa mumzinda, pafupi ndi nyumba ya mapemphero ya St Michael and All Angels, imene David Clement Scott anaimanga pamodzi ndi anthu a dziko lino kuyambira 1888 kufikira 1891, apeza malo a mthunzi ndi bata. Ndiwo manda a Misyoni ya Askoti, amene tinakawaona ife.

Tinalowamo titabvula zisoti, ndi kuyenda pang'onopang'ono pakati pa miyala, tiri kuwerenga maina. Misyoniyo inayamba chaka cha 1876, pa malo amene anasankha Henry Henderson. M'chaka cha 1891 mwana wache anagwidwa ndi nthenda yotseka pakhosi. Malume wa mwanayo, sing'anga John Bowie, poyesa kumpulumutsa anatenga nthendayo; ndipo mwana, amache ndi sing'anga yemwe anatsikira kuli chete masiku owerengeka okha. Henderson mwini anafera ku Quelimane chaka chomwecho, ali pa ulendo wobwerera kwao. Momwemo mugonanso asilikali a nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Ngakhale sanali a Eklezia wathu, tinagwada ndi kuwapempherera, pakuti Mulungu adziwa ache.

Tsono, abale, taganizani za manda a kwathu. Kodi si kumanda kokha kumene kwatsala nkhalango m'midzi yambiri? Makolo analetsa nkhwangwa kumeneko, ndipo munthu salowako popanda chilolezo cha mfumu, kapena kutsogozedwa ndi adzukulu. Mantha ndiwo anasunga mitengoyo. Koma mantha atha msanga pamene thumba la makala ligula ufa; ndiponso mantha sasunga dzina. Mtumbira ukatitimira, ndi nkhalamba yodziwa malowo ikatisiya, palibenso wonena kuti apa pagona uje. Ansembe a Montfort anafika ku Neno chaka cha 1906: ndani mwa ife angaloze pamene pagona agogo ache amene anayamba kulandira ubatizo?

Chifukwa chache tikupemphani, pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira akufa onse, mukapemphe chilolezo kwa mfumu, mupite kumanda banja lonse. Mulambule udzu, muimike mtanda wolembedwa dzina ndi chaka, muuze ana mbiri ya ogonawo. Mbvula zoyamba zikagwa, mubzale mbawa pamene padadulidwa mtengo. Potero malo amene makolo anawasunga ndi mantha, ife tidzawasunga ndi chikondi ndi mapemphero.

Ambuye awapatse mpumulo wosatha.