Ku Domasi, pa damu limene bambo anakumba

Msewu wa M3 ukatuluka mumzinda wa Zomba kulowera ku Liwonde umatsata m'tsinde mwa phiri. Mukadutsa Chinamwali ndi Matawale nyumba zimayamba kutalikirana, kenaka mumafika pa Songani, pamene amayi amazinga minibasi ndi malichero a tomato, nthochi ndi chinangwa. Ine ndinatsikira patsogolo pang'ono, pa Domasi, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuswa mtengo. Chinandinyamula ku Lilongwe ndi uthenga wa achemwali anga wakuti damu la malemu bambo likuphwa.

Bambo anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo ankanyadira kuti anakwatira kumalo kumene sukulu inazika mizu kalekale. Tikamayenda nawo ankaloza uku ndi uku: kumtunda uko ndi ku mishoni imene a Church of Scotland anatsegula mu 1884 motsogozedwa ndi Alexander Hetherwick, apa ndi pamene panali Jeanes Training Centre kuyambira 1929, aphunzitsi ankabwera ndi akazi awo kudzaphunzira. Mabuku amene ankaphunzitsira ankakonzedwa pomwepa, ku Malawi Institute of Education. Koma mukawafunsa malo amene mtima wawo unali, ankatchula ku Fisheries.

Ndinapempha wa kabaza kuti tidzere kumeneko. Maiwe ali ndandanda monga kale, madzi ake obiriwira, akakowa ataima m'mbali. Malowa anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ngati famu yoyeserera kuweta nsomba, ndipo lero ndi National Aquaculture Centre. Loweruka bambo ankapalasa njinga kubwera kuno ndi chidebe ndi kope. Alangizi akamafotokoza, iwo ankalemba ngati mwana wa sukulu, munthu amene sabata yonse anali ataima kutsogolo kwa bolodi. Pobwerera, mbewu ya nsomba ili m'chidebe chovindikira ndi masamba a nthochi, ankaima pa mtsinje uliwonse kusinthako madzi.

Nsomba zawo ankazidziwa makhalidwe. Makumba ankawalemekeza chifukwa yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa mpaka atalimba, ngakhale ankadandaula kuti amaswana mopitirira, damu n'kudzaza ndi tinsomba tosakula. Chilunguni ankachikonda chifukwa sichivuta: masamba a chinangwa, kholowa, udzu wanthete, chimadya. Mlamba ankaika wochepa, wongochepetsa ana a makumba, ndipo usiku wa mvula ankadzuka kukaona ngati sunakwawe kuthawa.

Kuchokera pa msewu waukulu njira imakwera chigwa chimene chili pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa, mtsinje wa Domasi ukuyenda pansi. Tinapatukira njinga zingapo zotsika ndi matumba a makala. Sindingamunyoze munthu wonyamula makala, pakuti ndikudziwa chimene chimamudzutsa usiku, ndipo enafe a m'tauni ndife timagula. Koma mapiri amene ndili mwana anali akuda ndi mitengo tsopano akuoneka miyala, ndipo zimenezi zinandiwawa.

Amayi ndinawapeza pakhonde akutongola chimanga. Titapatsana moni ndi kufunsana za ana, anangoti, "Pita ukaone wekha, mwana wanga."

Kwathu kuno ndi kwa chikamwini. Malo ndi a mbumba ya amayi, ndipo bambo anali mkamwini. Pamene anayamba kukumba damuli, ine ndili wamng'ono, anzawo a pa bawo anawalangiza mwachikondi kuti mkamwini sabzala mtengo kapena kukumba chinthu chimene sangachisenze tsiku lochoka. Amayi amakumbukirabe yankho lawo: "Nanga ana adzadya kwawo kwa ndani?" Anakumba miyezi yonse ya chilimwe, akaweruka kusukulu, ndi khasu ndi wilibala yobwereka. Atamwalira tinakawaika kwawo, kuseri kwa Malosa, monga mwa mwambo. Damu linatsala, pamodzi ndi nthochi ndi nzimbe za m'mbali mwake, ndipo ndi zimene zinalipirira achemwali fizi ya sekondale.

Ndinalipeza litatsika mpaka m'mawondo, matope atang'aluka m'mphepete. Osaganiza n'komwe ndinapinda malaya n'kupisa mkono. Umu ndi mmene bambo ankayezera: mkono ulowe mpaka m'chigongono, ndipo ngati chikhatho chikuonekabe, madzi ali ndi njala, thirani zitosi za nkhuku kuti abiriwire. Ngati chasowa msanga, mwathira zambiri. M'mamawa, asanapite kusukulu, ankaima pa khoma la damu osalankhula. Nsomba zikamayasamula pamwamba pa madzi dzuwa lisanatuluke ankadziwa kuti mpweya wachepa, tsiku limenelo madeya sathira, amatsegula ngalande. Ankaonanso mapazi a katumbu ndi mkwekwe wa ng'azi pamene ife tinkangoona matope. Ndi ana a m'kalasi ankachita chimodzimodzi. Mwana akayamba kugona m'kalasi sankathamangira chikwapu, ankafunsa kaye ngati kunyumba kwaphikidwa.

Chimene sankalola ngakhale pang'ono ndi kutseka madzi. Ngalande yawo inkapatuka pa kamtsinje, kulowa m'damu, kutulukira m'dimba, n'kubwereranso kumtsinje. "Madzi ndi mlendo," ankatero, "umamulandira bwino, kenaka umamuperekeza." Ankatiwerengera amene akudikira kumunsi: a madimba, alimi a mpunga a pa sikimu ya Domasi imene inamangidwa mothandizidwa ndi akatswiri a ku Taiwan, ndipo pamapeto pake asodzi a pa nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotuluka, imakhalira madzi a Domasi, Likangala, Phalombe ndi mitsinje ina, ndipo ndi yosaya. Bambo anaiona itauma mu 1968 ali mnyamata. Itaumanso mu 1995, matemba anasowa pa Songani, anthu anayamba kubwera kwathu ndi mbale. Ena anawauza kuti akweze mtengo, nthawi yake ndi imeneyi. Anakana, ndipo amasiye ankawapatsa ulere. Amayi anakangana nawo, pakuti chaka chimenecho nafenso tinali pa njala, ndipo mpaka lero sanena kuti bambo analondola. Ine ndikuti analondola, ngakhale ndikukumbukira kugona ndi phala.

Madzulo achemwali ananditenga kutsata ngalande kukwera nayo. Vuto linaoneka msanga. Mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 inatsitsa mchenga ndi miyala kuchokera m'phiri, kamtsinje kanasuntha njira, ndipo pamene madzi ankapatukira pali tsopano mulu wa mchenga. Achemwali akhala akuufukula ndi ana awo chaka ndi chaka, koma dzinja lililonse umabwerera. Kumtunda kwake mabanja awiri atsegula madimba atsopano, nawonso akufuna madzi omwewo.

Ndinanena kuti ndigula mapaipi ndi simenti, titseke pamwamba kuti madzi onse abwere kwathu. Achemwali anandiyang'ana nthawi yaitali. "Achimwene, amenewo ndi maganizo a ku Lilongwe. Anthu aja akathirira chiyani?" Iwo anali atakambirana kale ndi a mfumu: madimba azitenga madzi m'mawa, damu lizilandira usiku, ndipo aliyense abzale nsungwi ndi vetiva m'mbali mwa kamtsinje. Kwa ine ankangofuna ndalama ya anyamata aganyu ofukula mchenga, ndi ya mbewu yatsopano ya chilunguni mvula ikagwa.

Tikutsika, mdzukulu wa amayi, mnyamata wa Sitandade 7, anatichingamira ndi kope la agogo ake, lachikuto chong'ambika. Anafunsa ngati zoona makumba aamuna amakula msanga kuposa aakazi, ndi mmene angawasiyanitsire. Ndinamuuza kuti ndi zoona, ndi kuti Loweruka tibwereke njinga tipite ku Fisheries akamuonetse alangizi. Achemwali anati tisanapite kulikonse, m'mawa tilawirire kungalande ndi makasu.