Banjo Imene Ndidathyola

Kuno kwathu ku mapiri a Dedza, kufupi ndi Bembeke, miyezi ya Juni ndi Julayi salola munthu kukhalitsa pabwalo dzuŵa likaloŵa. Nkhungu imatsika m'mapiri, mphepo niyamba kuluma makutu, ndipo banja lonse limasonkhana mozungulira moto. Kale imeneyi inali nthaŵi ya nthano ndi zilape. Masiku ano achinyamata amakhala pamoto pomwepo ataŵeramira foni zao, tizingwe tili m'makutu, ife akulu nkumadandaula kuti ana amakono samva. Inenso ndidadandaula choncho zaka zambiri, mpaka chisanu cha chaka cha 2024 pamene ndidazindikira kuti wosamva m'nyumba mwathu ndinali ine.

Pa 30 Juni chaka chimenecho idamveka mbiri yakuti Lucius Banda wamwalira ku South Africa. Mdzukulu wanga, amene amaphunzira ku Lilongwe, anali pakhomo pano kutithandiza kukumba kachewere. Madzulo ake ndidatulutsa katoni ya matepi anga akale, ngakhale wailesi yoimbira matepiwo idafa kalekale. Ndidangokhala nawo m'manja, kuŵerenga maina. Mnyamatayo adachotsa tizingwe take nati, "Agogo, mukufuna kumva chimbale chiti?" Ndidatchula Son of a Poor Man. Asanathe kupsa mbatata imene tidakwirira paphulusa, mau a malemuyo anali atadzaza m'khitchini kuchokera m'kafoni kake.

Oŵerenga achikulire akukumbukira kumene nyimbo zimenezi zidachokera. Gulu la Alleluya Band lidayamba mu 1978 pa parishi ya Balaka, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, ndipo Paul Banda, mkulu wake wa Lucius, ndiye adalitsogolera. M'menemo ndimo Lucius adakulira. Chimbale chake choyambachi chidatuluka mu 1994, patapita zaka ziŵiri Aepiskopi athu atalemba kalata yao ya nyengo ya Lenti ya 1992, imene idatsekula pakamwa pa dziko. Zimene tinkanong'onezana m'minda, mnyamata wa ku Balaka adaziimba poyera. Tepi imeneyi tinkabwerekana mudzi wonse, ndipo pofuna kusunga mabatire tinkaibweza m'mbuyo poizunguza ndi bolopeni.

Chimbale chitatha ndidafunsa mdzukulu wanga maganizo ake, ndikuyembekeza kuti ayamikira. Iye adati, "Mau ake ngolemera, agogo, koma kamvekedwe ka zing'wenyeng'wenye nkofanana kwambiri. Mukamva nyimbo zitatu, mwamva zonse." Ndidapsa mtima, ndipo ndidamuuza kuti iye ndi anzake amangomvera phokoso. Adandifunsa mofatsa kuti, "Kodi mudamverako ndi imodzi yomwe mpaka kumapeto?" Ndidasoŵa choyankha. Agogo ake aakazi ndiwo adaweruza mlanduwo: madzulo alionse tikatha Kolona, mmodzi wa ife aziika chimbale chimene akuchikonda, ndipo winayo asalankhule kanthu kufikira chitatha.

Masiku oyamba adandiimbira nyimbo zotchuka za pa wailesi ndi za m'maminibasi. Ndinene zoona, zambiri mwa izo sizidandigwire mtima, ndipo mpaka lero sizindigwira. Ng'oma zake nzopangidwa pa kompyuta, mau a woimba ngosalazidwa ndi makina kotero kuti sumva kupuma kwa munthu, ndipo nkhani zake kaŵirikaŵiri nza ndalama ndi chikondi cha mwezi umodzi. Komabe pomvera mpaka kumapeto ndidapezamo zina zimene sindinkaziyembekeza: kulira kwa wachinyamata wophunzira amene akusoŵa ntchito, ndi nkhaŵa ya mwana amene akufuna kumangira mai ake nyumba. Adandiwonetsanso Patience Namadingo akuimba pamodzi ndi Giddes Chalamanda mu 2020, nkhalambayo ili ndi zaka 90. Kuona woimba wotchuka atakhala pambali pa mkulu wake mwaulemu chotero kudandifeŵetsa mtima.

Tsiku lina adati, "Lero ndikuikirani anthu amene wailesi siidaŵalere." Chidali chimbale chotchedwa Wasalala cha Madalitso Band, chimene chidatuluka mu 2019 kudzera ku kampani yaing'ono ya Bongo Joe ya ku Geneva. Gululi ndi la anthu aŵiri okha, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, amene adakhala zaka zambiri akuimba m'misewu ya Lilongwe asanaitanidwe ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017. Mmodzi amaimba gitala wa nsambo zinai, uku akugunda ng'oma ndi chidendene. Mnzake amaimba babatoni, chombo chopanga okha cha nsambo imodzi, cha mtengo wautali ndi mimba yokuta ndi chikopa. Palibe makina obisa cholakwa, ndipo mau ao aŵiri amalukana ngati a anthu amene adadyera mbale imodzi nthaŵi yaitali. Phazi langa lidayamba kugunda pansi lokha. Kenaka mnyamatayo adandiwonetsa chithunzi cha zipangizo zao, ndipo phazi lija lidaima.

Mu 1991 mwana wanga wachisamba, bambo wake wa mdzukulu ameneyu, anali ndi zaka 13. Adatola chitini cha mafuta, nasema mtengo, namangapo mawaya a mabuleki a njinga, nkupanga banjo. Ankaiimba kudimba, kudambo koŵeta mbuzi, ndi kuseri kwa nkhokwe usiku. Ine nthaŵi imeneyo ndinali mlembi wa kwaya pa tchalitchi chathu chaching'ono, ndipo ndinkadziyesa wodziŵa kusiyanitsa nyimbo zoyenera ndi zosayenera. Kwa ine banjo chinali chombo cha pamoŵa. Tsiku lina lamulungu anthu ena adandiseka kuti mwana wa mlembi wa kwaya akuimbira oledzera pamsika. Sindidafunse ngati zidali zoona. Nditafika kunyumba ndidatenga banjoyo, ndidaithyolera pabondo iye akuona, nkuponya mtengo wake pamoto. Sadalire. Adangondiyang'ana, natuluka. Kuyambira tsiku limenelo sindidamumvenso akuimba, ngakhale m'tchalitchi. Atakula adapita ku Johannesburg kukafuna ntchito, ndipo kwa zaka zambiri kulankhulana kwathu pa foni kudali kwa feteleza, matenda ndi maliro basi.

Usiku umenewo sindidagone. Ndidadzifunsa kuti kodi chimene ndidadana nacho pa banjo ija chinali chiyani. Magitala a Alleluya Band ndidaŵalandira ndi manja aŵiri chifukwa adachokera pa parishi, wansembe ali pambali pao, ndipo pambuyo pake dziko lonse lidaŵavomera. Allan Namoko wa ku Thyolo, amene ankaimba banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band, ndinkamumvera mokondwa pa wailesi ya MBC. Tsono vuto silinali banjo ai. Vuto linali lakuti banjo iyi inali ya chitini, inali ya mwana wanga, ndipo panalibe munthu wamkulu amene adaivomereza ine ndisanaimve. Ndinkaopa kusekedwa, ndipo mantha amenewo ndidaŵaveka dzina la chikhristu.

Mpingo sudandiphunzitse zimenezo. Mu 1963 Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata chake chonena za mapemphero, udalamula kuti nyimbo za makolo a mitundu ya anthu zilemekezedwe ndi kupatsidwa malo oyenera. Nchifukwa chake lero pa Misa timaimba ndi ng'oma ndi visekese. Ku Mua komweku, kunsi kwa mapiri athu, Bambo Claude Boucher adayambitsa Kungoni mu 1976 pofuna kuti luso la Acheŵa, Angoni ndi Ayao lisatayike. Salmo 150 limatchula zoimbira zamitundumitundu osasala ndi chimodzi chomwe, ndipo Davide anali mbusa wa nkhosa chabe pamene zeze wake ankatonthoza mtima wa mfumu Saulo. Zonsezi ndinkazidziŵa, ndipo zina ndinkaziphunzitsa ku Limana. Chimene sindidasamale ndi chenjezo la Paulo Woyera kwa Aefeso, lakuti ife atate tisapsetse mtima ana athu.

Madzulo otsatira mdzukulu wanga adaika chimbale china, I Have No Everything Here, chimene Ian Brennan adajambula m'ndende ya Zomba mu 2013. Oimba ake ndi akaidi, amuna ndi akazi, pamodzi ndi ena oŵayang'anira. Chidatuluka mu 2015, ndipo mu 2016 chidapikisana nao pa mphotho ya Grammy ku America, koyamba kuti nyimbo za ku Malaŵi zifike pamenepo. Nyimbo zina nzazifupi kwambiri, zina zilibe choimbira chilichonse, ndipo mau ena amanjenjemera. Mdzukulu wanga adati sangachimvere tsiku ndi tsiku chifukwa chimalemetsa mtima, ndipo ndidagwirizana naye. Koma ndidaganiza kuti ngati mlendo adachoka kutali kudzatchera khutu kwa anthu otsekeredwa, ine ndinalibe chifukwa cholepherera kutchera khutu kwa mwana wobala ndekha.

Loŵeruka lake ndidapempha mdzukulu wanga kuti andiimbire foni kwa bambo wake, ndipo ndidatuluka nayo panja. Titalonjerana ndidati, "Mwana wanga, banjo ija ndidalakwa. Undikhululukire." Kudakhala chete nthaŵi yaitali, mpaka ndidayesa kuti foni yaduka. Kenaka adati, "Bambo, mukukumbukirabe? Ine ndinkayesa kuti mudaiŵala tsiku lomwelo." Adandiwuza kuti pamsika paja sadaimbire oledzera; ankayesa kupeza ndalama ya makope. Adandiwuzanso kuti kumene aliko adagula gitala wakale, ndipo amaimba yekha m'chipinda akaŵeruka kuntchito. Zaka 33 zidapita ine osadziŵa zimenezi, chifukwa sindidafunse.

Sindinganene kuti zonse zakonzeka. Banjo yopsa siibwerera, ndipo sindidziŵa kumene luso la mwanayo likadafika ndikadalisiya kuti likule. Pa nkhani ya zimbale, ine ndi mdzukulu wanga timatsutsanabe: iye akuti Musakayike, chimene Madalitso Band idatulutsa mu 2022, chimaposa Wasalala, ine ndikuti ai, ndipo sanasinthe maganizo ake pa zing'wenyeng'wenye za ku Balaka. Koma akapita ku Lilongwe amanditumizira nyimbo pa foni ya agogo ake aakazi, ine nkumuyankha ndikamva mpaka kumapeto.

Makolo anzanga, sindikunena kuti nyimbo iliyonse njabwino. Zilipo zolaula ndi zonyoza, ndipo ndi udindo wathu kuŵachenjeza ana. Koma chenjezo la munthu amene sadamvere silipita patali. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Madzulo ano, mukatha mapemphero, mfunseni mwana wanu chimene chikulira m'makutu mwake, ndipo mukhale pansi mpaka chithe. Mwana wanga walonjeza kuti akadzabwera pa Khirisimasi adzatenga gitala wake. Ndamuuza kuti adzaimbe chilichonse chimene afuna, ndipo ine ndidzakhala chete kufikira atamaliza.