Ku Namitete batire ndi limodzi

Mukakwera minibasi ya ku Mchinji, mudutsa Chitedze, Mpingu ndi Msundwe, kenako mwafika pa Namitete. Ambiri amapadziwa chifukwa cha chipatala cha St Gabriel chomwe masisitere anatsegula mu 1959. Koma kuseri kwa magolosale kuli timanyumba ta lendi momwe mumakhala ana asukulu ochokera kumidzi yakutali, odziphikira okha. Msuweni wanga wa Folomu 4 amakhala m'kamodzi mwa timanyumbati, ndipo ndinagonako masiku awiri.

M'nyumbamo mulibe magetsi. Foni amakatchajitsa ku babashopu, ndipo foni yomweyo ndiye nyale, ndiye wailesi. Ndiye madzulo aliwonse pamakhala mlandu: batire lipite ku tochi kuti alembe chimangirizo chomwe aphunzitsi akufuna mawa, kapena ku nyimbo? Mumemore khadi yake muli Namadingo, Black Missionaries ndi malemu Lucius Banda, amene anatisiya mu June 2024. Ndinaona mmene amagawira. Pophika nsima, nyimbo zitatu basi. Mbale zikatsukidwa, amakoleka foni pamsomali, tochi n'kuloza pakope.

Musaone ngati n'zocheza. Pa mayeso a MSCE, ukalephera Chingerezi satifiketi palibe, ngakhale masamu ukhoze bwanji. Makolo ake anagulitsa mtedza kuti lendi ndi fizi zipezeke, ndipo iye akudziwa kuti chaka chobwereza sichingatheke.

Loweruka masana anandikokera ku vidiyo sho. "Achimwene, tiyeni mukaone kalasi yanga ina," anatero akuseka. Mabenchi a thabwa, chinsalu pakhomo, ndi TV yakale ija ya chimsana chachikulu, yomwe m'tauni tinaitaya kalekale. Pano ikugwirabe ntchito. Anayamba ndi filimu ya karate yomasuliridwa m'Chichewa, kenako anaika Tikuferanji wakale. Tiana tapatsogolo tinkangoseka Manganya, mwina osadziwa n'komwe kuti mwini wakeyo, a Michael Usi, anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Ine zinandikumbutsa TVM, yomwe inayamba mu 1999, nthawi imene nyumba ya TV inkadzaza ndi ana a mzere wonse.

Akuluakulu ambiri amati vidiyo sho imawononga ana, ndipo pena sanama. Ena amalowa m'mawa yunifolomu ili m'thupi. Koma msuweni wangayu sanawerengepo buku la nthano kupatula a pasilabasi. Mmene nkhani imayambira, pomwe imapindika, pomwe munthu woipa amagwidwa, wazionera pabenchi paja. Nditawerenga chimangirizo chake chokhudza mkangano wa malire a munda, anthu ake ankayankhulana ngati anthu enieni. Galamala yokha ndiye inali yodwala, moti tinakhala nayo mpaka tochi inazima cha m'ma 9 koloko.