Filimu yathu ya Khrisimasi inali Izeki ndi Jakobo

Sukulu tatsekera, mapepala a mayeso ndamaliza kuchonga, ndiye lero ndilembeko za nthabwala.

Ku America ali ndi mafilimu awo a Khrisimasi. Chaka ndi chaka amabwereza Home Alone, ija inatuluka mu 1990, ya kamnyamata koiwalidwa pakhomo makolo atakwera ndege kupita ku Paris, n'kutsala kakulimbana ndi akuba awiri. Ine sindinaonepo filimu ya kuno kwathu yopangidwira Khrisimasi. Komabe filimu ya Khrisimasi tinali nayo, ndipo amene munakulira cha ku Migowi kapena ku Chiringa m'zaka za m'ma 2000 mukudziwa chimene ndikunena. Tsiku la 25 Disembala khasu limapuma. Anthu akabwera kutchalitchi n'kudya mpunga wa nkhuku, ana amathamangira kukanyumba ka vidiyo, ndalama ili m'manja, zovala zatsopano zitayamba kale kuda ndi matope. Jenereta ikulira kuseri, sipika ili panja kuitana anthu. Masana onse ankaika za karate ndi za ku Nigeria. Koma mwini vidiyo akangoika Izeki ndi Jakobo, mabenchi ankachepa, chifukwa ngakhale agogo amene sankalowamo chaka chonse ankabwera kudzaima pakhomo.

Kajambulidwe kake, tinene zoona, kanali kosauka. Zambiri zimene ndinaonera zinali za kamera imodzi yongoima pamalo amodzi, mawu nthawi zina n'kumamira m'phokoso la anthu oonerera. Panalibe kampani yaikulu kumbuyo kwake ngati za ku Hollywood. Chimene chinkatigwira chinali anthu awiri aja basi, John Nyanga amene anali Izeki, ndi Eric Mabedi amene anali Jakobo.

Anthu ambiri mukawafunsa amati woseketsa anali Izeki, ndipo sindiwatsutsa. Nyanga anali ndi thupi laling'ono ndi nkhope yomvera chilichonse chimene waiuza. Ankatha kunena chinthu chopanda mutu ndi mtima wake wonse, ngati mboni imene yalumbira kukhoti, moti iwe womvera umayamba kudzikayikira kuti mwina wosokonezeka ndiwe. Sankaseka nthabwala yake. Izeki sankadziwa kuti ndi woseketsa, ankadziona ngati munthu wanzeru amene dziko likuchedwa kumumvetsa.

Koma ine voti yanga ndimaponyera Jakobo, ndipo ndakanganapo ndi anzanga m'chipinda cha aphunzitsi pa nkhani imeneyi mpaka tiyi kuzizira. Ntchito ya Mabedi inali yovuta kuposa. Iye ndi amene ankaimira ife tonse, munthu wofuna kulongosola zinthu bwinobwino, wopirira, wofotokoza kachiwiri ndi kachitatu, mpaka mtima kumukwera. Mukapeza sewero lawo lililonse, yesani izi: Izeki akamalankhula, musamuyang'ane iyeyo, yang'anani Jakobo. Mudzaona kuti akumvetsera zenizeni, ngati mawuwo akuwamva koyamba, chonsecho anayeserera limodzi. Izeki akamaliza, Jakobo sathamangira kuyankha. Amamuyang'ana, n'kuyang'ana kumbali, n'kudikira kuti chiseko cha anthu chitsike, kenako ndi pamene amaponya mawu ake. Kachetechete kameneko ndi kamene kankatigwetsa pa benchi. Akanati ayankhe msanga, theka la nthabwala likanafera m'phokoso.

Luso lotere munthu saliphunzira pa kamera. Awiriwa anakulira m'gulu la Kwathu Drama Group, kusewera pamaso pa anthu amoyo m'maholo ngati French Cultural Centre ku Blantyre, kumene nthabwala ikakanika umadziwa nthawi yomweyo chifukwa holo yonse imangoti zii. Pamene TVM inkayamba kuulutsa mu 1999, iwo anali ataphika kale.

Filimu yakunja yokha imene ndinaona ikuseketsa agogo ngati mmene ankachitira awiriwa ndi The Gods Must Be Crazy ya Jamie Uys, ya mu 1980, ija ya botolo la Coca-Cola logwa kuchokera m'ndege ku chipululu cha Kalahari. N!xau, mkulu wa ku Namibia amene anasewera ngati Xi, sanapiteko kusukulu ya zisudzo, koma ulendo wake wokataya botolo kumathero a dziko anauyenda ndi nkhope ya munthu amene watumidwa ntchito yofunika. Marius Weyers, uja wosokonezeka akaona mkazi mpaka Land Rover kukwera mumtengo, amachita khama kwambiri kuti tiseke, ndipo ukaonera kachitatu amatopetsa. N!xau satopetsa. (Filimuyi ili ndi vuto lake, inapangidwa nthawi ya tsankho ku South Africa ndipo imaonetsa anthu a mtundu wa San ngati ana osadziwa kanthu. Ndikamaonetsa a Fomu 4 timakambirana zimenezo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.)

Chandilembetsa zonsezi ndi kalabu yathu ya zisudzo. Aphunzitsi anzanga amene mumakonzekeretsa ana mipikisano ngati ya ATEM mudzandivomereza. Mwana ukamupatsa mbali yoseketsa, amathamangira kuvala jekete long'ambika, kudzipaka makala, kuika pilo pamimba, kuyenda mokhotakhota ngati woledzera, n'kumakuwa. Anzake amaseka mphindi ziwiri, kenako amayamba kucheza zawo. Choipa kwambiri n'chakuti mnzake akamalankhula, iye amangoima kudikira nthawi yake, maso ali kwa atsikana a kutsogolo. Teremu yathayi ndinatenga anyamata awiri a Fomu 3, ndinawalanda zovala zonse zoseketsa, n'kuwauza kuti akangane za mbuzi yobwereka atavala yunifolomu, ndipo amene aseke kapena kuyankha asanawerenge mpaka 3 mumtima watuluka. Poyamba anadandaula kuti sala, izi si nthabwala. Pofika sabata yachitatu, kalasi yonse inali kugwira m'mimba, ndipo wamng'ono uja amene ankangomvetsera ndi amene anatchuka pasukulu.

Ndinkafuna kuwaonetsa mwini wake wa luso limeneli, koma ndilibe choonetsa. John Nyanga anatisiya mu 2016, Eric Mabedi mu Ogasiti 2021. Ma VCD anga, amene ndinagula ndili mphunzitsi watsopano, anapita ndi madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023. Sindikudandaula ngati kuti n'chachikulu, popeza pano pa Phalombe anthu anataya nyumba, minda ndi abale awo. Koma ana amene ali Fomu 1 lero anali asanayambe n'komwe kuwerenga pamene Izeki ankamwalira. Ena dzina analimva kwa makolo, ena ayi. Tizidutswa timene amatumizirana pa WhatsApp n'tamphindi imodzi, todulidwa pakati, ndipo wodulayo amasiya mawu a Izeki okha n'kutaya kudikira kwa Jakobo kuja.

Ndiye pempho langa ndi ili, makamaka kwa inu ophunzira anga akale amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni. Mukabwera kumudzi Khrisimasi ino, funsani kwa amalume ndi azakhali, tsegulani masutikesi akale aja. Ngati mwapeza kaseti kapena VCD ya sewero lathunthu, ngakhale yokalika, musaitaye. Ndibweretsereni kusukulu kapena mupatsire mwana aliyense wa kalabu yathu, ndidzakopera n'kukubwezerani. Tikatsegulira mu Januwale kalabu idzakumana Lachitatu loyamba masana, ndipo amene mudzakhale mudakali kumudzi mubwere mudzaone anyamata anga a mbuzi aja.

Khrisimasi yabwino nonse, ndipo chimanga chija mupalire.